Matonsilo a mwana akungotupa, ena akuti ndi vayirasi ena akuti alejiya, zikugwirizana bwanji?

Make Chisomo, Ulongwe

Moni nonse abale anga. Ndili ndi funso landisowetsa tulo, mwina pano alipo a zaumoyo kapena makolo amene anadutsamo kale. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6, chiyambire kuzizira kwa mu Juni pakhosi pake sipakupola, matonsilo amatupa moti ukamuuza kuti ayasamule umangoona tinyama tiwiri tofiira tatsala pang'ono kukumana pakati, thupi limatentha masiku angapo kenako wakhala bwino, sipatenga nthawi zabweranso. Ndiye ngakhale masiku amene ali bwinowo mphuno sizitseguka, akangodzuka m'mawa ndi kuyetsemula kotsatizana, maso kuyabwa, amangotikita mphuno ndi chikhatho mpaka pachita kamzere, usiku amagona kukamwa kuli yasa ndi mkonono womveka mpaka chipinda china.

Ku sentulu ya zaumoyo ulendo wina anati ndi amigidalite, kutanthauza kutupa kwa matonsilo, anatipatsa amokisilina, ulendo wina amene ndinamupeza anati ayi iyi ndi vayirasi mpatseni parasetamo ndi madzi ambiri basi. Alamu anga amene amagulitsa mu falamasiya akuti zonsezi ndi alejiya, apongozi anga akuti akadulidwe zithe. Ine mutu wabalalika. Kodi vayirasi ndi alejiya zimakumana bwanji pa matonsilowa, chimayambitsa chinzake ndi chiti? Nanga akadulidwa chitetezo cha m'thupi sichitsika? Ndithandizeni chonde.

Nabanda wa ku Domwe

Pepani mwana wanga. Ine si wa chipatala koma ndalera ana ndi zidzukulu kuno kozizira. Choyamba ndikufunseni, mwanayu madzulo amakhala kuti? Chifukwa Juni ndi Julayi tonse timaunjikana m'khitchini kuwotha moto chitseko chotseka, nkhuni zina zosauma, utsi uli tolo, ana amatuluka mmenemo maso ali psu. Mdzukulu wanga ankachita chimodzimodzi, titayamba kuphikira pakhonde ndi kuyanika mabulangete pa dzuwa kuyetsemula kunachepa kwambiri. Madzi ofunda a mchere pang'ono azichukucha pakhosi n'kulavula ngati amatha, uchi ndi mandimu zimamuthandiza kumeza. Koma chimodzi ndikupempheni, asabwere munthu wofuna kumupisa chala pakhosi kuti aphulitse, ndinaonapo mwana wa neba atatuluka magazi n'kukana kudya masiku ambiri. Zimenezo ayi.

Mano Tekiniko

Mayi a Chisomo pepani ndi mwanayo. Ndimagwira ntchito ku chipatala cha kumudzi kuno ku Macanga, sindingamuyeze pa foni koma ndifotokoze mmene zimayendera. Onse amene munakumana nawowo akhoza kukhala kuti ananena zoona, aliyense pa tsiku lake, chifukwa kutupa kwa matonsilo si matenda amodzi ayi.

Tinyama tiwiri mukutionato sitili tokha. Kuseri kwa mphuno pamwamba pomwe simungaone ndi maso kuli kena kotchedwa adenoyidi, kutsinde kwa lilime kuli ena, ndiye tina ting'onoting'ono pafupi ndi timipata topita kumakutu. Zonsezi zinazungulira polowera mpweya ndi chakudya, m'mabuku timati mkombero wa Waldeyer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1884. Ntchito yake ili ngati ya pa boda pa Calomue paja, aliyense wodutsa amaimitsidwa n'kuonedwa, mayi wa mbatata amene amadutsa tsiku ndi tsiku amamuzolowera n'kumusiya apite, wokayikitsa amamugwira n'kuitana anzawo. Pamwamba pa tonsilo pali timaenje tozama, fumbi, mungu, tizidutswa ta chakudya, mavayirasi ndi mabakiteriya zimakodwa mmenemo, ndipo pansi pake padzaza maselo a chitetezo, a mtundu wa B ndi a mtundu wa T. Akapeza kachilombo maselo a B amachulukana mofulumira n'kuyamba kupanga ma antibodi, timapuloteni togwira kachilomboko, ena amapita m'magazi ena monga IgA amatuluka m'malovu ndi m'mamina. Kuchulukana kumeneko pamodzi ndi magazi ambiri obwera pamalopo ndiye kutupa mukukuonako. Nchifukwa chake ana a zaka 3 mpaka 7 ndi amene amakhala ndi matonsilo aakulu, ndi msinkhu womwe thupi likukumana ndi tizilombo tambiri koyamba makamaka akayamba sukulu, akamakula amaphwa okha ndipo adenoyidi imatsala pang'ono kutheratu akatha msinkhu.

Tsono nkhani ya mankhwala. Ana ambiri opweteka pakhosi ndi vayirasi, adenovayirasi, rinovayirasi ya chimfine wamba, fuluwenza ndi ena, ndipo amokisilina sachita kanthu pa vayirasi ngakhale mwana amwe botolo lonse. Mukaona pakhosi pakupweteka pamodzi ndi chifuwa, mamina, mawu osasa, maso ofiira, nthawi zambiri ndi vayirasi. Koma pa ana 10 opweteka pakhosi, 2 kapena 3 amakhala ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus wa gulu A, ameneyu amabwera mwadzidzidzi, thupi kutentha kwambiri, anabere opweteka pansi pa nsagwada, mafinya oyera pa matonsilo, koma chifuwa ndi mamina palibe. Ameneyu ndiye sitimusekerera. Akapanda kuchizidwa, patapita masabata 2 kapena 3 ana ena chitetezo chawo chomwe chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mfundo za mafupa ndi mavalavu a mtima. Mu 2007 anasindikiza kafukufuku yemwe anayeza ana a sukulu ku Maputo ndi makina oonera mtima, Dr Ana Olga Mocumbi anali m'gulu lomwelo, anapeza ana pafupifupi 30 pa 1000 aliwonse ali ndi mavalavu okhudzidwa ndi nthendayi, ambiri mwa iwo osadziwika n'komwe. Ndiye amene anakupatsani amokisilina uja mwina tsiku limenelo anaona zizindikiro za bakiteriya, amene anakana uja anaona za vayirasi. Chachikulu, akapatsidwa amalize masiku 10 onse ngakhale atachira tsiku lachitatu, kapena abayidwe jakisoni imodzi ya penisilini yotchedwa benzatina ngati kumwa kukuvuta.

Za kuyetsemula m'mawa, maso oyabwa ndi kamzere pamphuno, alamu anuwo sakunama, zimenezo zikufanana kwambiri ndi alejiya ya m'mphuno. Alejiya siitenthetsa thupi, pamenepo ndi pomwe mungasiyanitsire.

Bambo a Mphatso, Moatize

Ine ndiyankhe mbali ya kudula chifukwa wanga wamkazi anadulidwa ali ndi zaka 8. Iye vuto silinali kutentha thupi kwenikweni koma kugona, ankaliza mkonono kenako zii, mpweya waima, ife mitima m'mwamba, kenako n'kudzidzimuka n'kupuma mwamphamvu, usiku wonse choncho. Masana tulo m'kalasi, kukodza pogona, thupi losakwera. Anamuchotsa matonsilo ndi adenoyidi yomwe ku chipatala chachikulu, sabata yoyamba inali yowawa zedi ankangomwa phala lozizira ndi madzi, koma pambuyo pake mwana anasintha, kugona bwino, kudya, kukodza pogona kunatha, anayamba kunenepa.

Koma ndikuuzeni zoona mayi, alejiya sinapite. Mpaka lero ikafika Ogasiti ndi Sepitembala mphepo ikamaulutsa fumbi la kuno, mukudziwa kuno ndi malasha ndi magalimoto akuluakulu tsiku lonse, ukapukuta tebulo m'mawa madzulo chala chikulemba, amayamba kuyetsemula ndipo akagwidwa chimfine chimatsikira m'chifuwa n'kuyamba kulira ngati mphumu, timayenda ndi kapampu ka salbutamol m'chikwama. Ndiye apongozi anuwo auzeni kuti mpeni suchotsa zonse. Pakhosi panapola, mphuno zikadali zomwezija.

Make Chisomo, Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse. Amayi Nabanda mwalasa, madzulo amakhaladi pamoto ndi agogo ake ndipo bulangete lake ndi lolemera lija losachapika kawirikawiri. Mano Tekiniko ndamva bwino za boda, koma pali pomwe sindinamvetse, ngati matonsilo amadziwa kusiya zinthu zosaopsa zidutse, nanga bwanji mwana wanga thupi lake likulimbana ndi fumbi la m'bulangete pomwe mchemwali wake amagona chipinda chomwecho alibe kanthu? Ndipo ndaona kuti akangochira chimfine kuyetsemula kuja kumawonjezeka, kodi ndi maganizo anga chabe? China, ulendo womaliza atamwa amokisilina anatuluka tizidzolo tofiira pamsana ndi pamimba, alamu akuti ndiye kuti mankhwalawo samuyanja asadzamwenso.

Tiyamike, wophunzira udokotala ku Tete

Titiya moni, si maganizo anu chabe ayi, zimene mwaonazo ndi nkhani yomwe akatswiri akhala akuifufuza kwa zaka zambiri. Ndiyesa kufotokoza mmene ndinamvera ine m'kalasi ndi m'zowerenga, Mano Tekiniko andikonze pomwe ndaphonya.

M'matonsilo muli maselo ena a T omwe ntchito yawo si kumenya koma kuletsa, timawatcha ma Treg. Mu 2012 ofufuza a ku Davos ku Switzerland anaonetsa kuti m'matonsilo a anthu muli ma Treg ozindikira zinthu ngati mungu wa mitengo, ndipo ndi amene amauza maselo anzawo kuti ichi chisiyeni sichoopsa. Mwa munthu wa alejiya kuletsa kumeneku kumakhala kofooka pa chinthu china chake, mwina tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'mabulangete ndi m'matilesi, mwina mphemvu, chuku cha pakhoma lonyowa, ubweya wa mphaka, mungu wa udzu. Thupi limapanga antibodi ya mtundu wa IgE pa chinthucho, IgE imakamatirira pa maselo a m'mphuno omwe asunga mankhwala a m'thupi otchedwa histamini, chinthu chija chikangolowanso histamini imatayika n'kuyamba kuyabwa, kuyetsemula, mamina amadzimadzi. Chifukwa chake mmodzi ali nazo wina alibe, mbali yaikulu ndi ya kumtundu, fufuzani kwanu kapena kwa bambo ake mupeza wina wa mphumu kapena ziwengo za pakhungu, koma ngakhale ana a mimba imodzi satengera mofanana. Utsi wa nkhuni ndi fumbi la malasha pazokha nthawi zambiri si zimene thupi limapangira IgE, koma zimapsereza khungu la m'kati mwa mphuno ndiye zinazo zimalowa mosavuta.

Tsono pomwe vayirasi imalowerera ndi apa, ndipo zimakankhana mbali zonse ziwiri. Vayirasi ikalowa, maselo amatulutsa timapuloteni totchedwa intaferoni tomwe timachenjeza maselo oyandikana kuti adzitseke vayirasi isaswane. Pa nthawi imeneyo tonsilo yonse imakhala pa nkhondo, ndipo poyesa mu labu anaona kuti zizindikiro zamphamvu za kutupa zikachuluka, kuletsa kwa ma Treg kuja kumatha kumasuka, maselo n'kuyamba kulimbana ndi zinthu zomwe poyamba ankazisiya. Onjezani kuti vayirasi imasupula khungu la m'mphuno, ndiye mwana akachira chimfine mphuno imakhala yosachedwa kupsa mtima kwa masabata angapo. Mbali inayo, mwana amene ali ndi IgE yambiri, IgE ija imamatiriranso pa maselo ena omwe ndi akatswiri opanga intaferoni, ndipo ikatakasika maselowo amapanga intaferoni yochepa. Ndiye kuti wa alejiya chimfine chimamugwira mwamphamvu ndi kuchedwa kuchoka, nchifukwa chake mwana wa Bambo a Mphatso chimamutsikira m'chifuwa, rinovayirasi ndi amene amadzutsa mphumu mwa ana kuposa kachilombo kena kalikonse. Ndipo mphuno ikakhala yotupa miyezi ndi miyezi adenoyidi nayo imakula, mwana n'kumapumira pakamwa, pakhosi n'kumauma.

China chomwe chinandidabwitsa ine, ku Finland ndi ku Brazil anatenga matonsilo ochotsedwa kwa anthu omwe tsiku la opaleshoni sankadwala chimfine, atawayeza anapeza mavayirasi mwa ambiri a iwo, adenovayirasi, rinovayirasi, bokavayirasi ndi ena, ali phee m'katimo. Vayirasi ya Epstein-Barr ndiye imakhala m'maselo a B moyo wonse, ndipo kuno ku Africa ana ambiri amaitenga asanakwane zaka 5 osadwala n'komwe kwambiri. Ndiye tonsilo yaikulu sikuti nthawi zonse ili ndi matenda ofuna mankhwala, nthawi zina ili pa ntchito chabe.

Za tizidzolo tija musathamangire kunena kuti ndi alejiya ya mankhwala. Mavayirasi ambiri amatulutsa tizidzolo okha, ndipo Epstein-Barr amadziwika kuti akakumana ndi amokisilina thupi limachita zidzolo zofiira patapita masiku angapo, mwana yemweyo tsiku lina adzamwa popanda vuto. Amokisilina ndi wa m'gulu la penisilini, ndipo alejiya yoopsa ya penisilini imabwera msanga, mkati mwa ola limodzi kapena awiri, zidzolo zotukuka zoyabwa, milomo kapena zikope kutupa, kubanika. Sindikunena kuti mumupatsenso nokha ayi, kafotokozeni ku chipatala kuti zinatuluka tsiku lachingati ndipo zinkaoneka bwanji, iwo aweruze, chifukwa mwana akalembedwa kuti penisilini samuyanja pomwe si zoona amataya mankhwala abwino kwambiri a bakiteriya wa mtima uja.

Funso lanu la chitetezo kutsika, ndipereke chitsanzo cha poliyo chifukwa ife a ku Tete tinaiona, mu 2022 mwana wa ku Changara anapezeka ndi poliyo yomwe dziko lathu la Mozambique linali lisanaione kuyambira 1992, nchifukwa chake ankayenda khomo ndi khomo ndi madontho aja. Vayirasi ya poliyo imayamba kuswana pakhosi ndi m'matumbo, madontho nawo amaphunzitsa chitetezo malo omwewo. Mu 1971 dokotala wina dzina lake Ogra anapeza kuti ana ochotsedwa matonsilo ndi adenoyidi IgA yolimbana ndi poliyo kuseri kwa mphuno inkatsika. Ndipo mu 2018 kafukufuku wa ku Denmark wa ana oposa miliyoni imodzi anapeza kuti ochotsedwa ankadzadwala matenda a m'njira ya mpweya kambiri atakula, ngakhale pamenepo mkangano ulipo chifukwa mwina anali ana odwaladwala kale. Zoyeza magazi zambiri zimaonetsa kuti chitetezo chonse sichigwa, malo ena a mkombero uja ndi anabere amapitiriza ntchito. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti si kanyama kongotaya chifukwa katupa, koma pakakhala chifukwa chenicheni musaope.

Mano Tekiniko

Tiyamike wafotokoza bwino, palibe chokonza, ndingowonjezera kuti zambiri za ma Treg zija anaziona mu labu ndi mwa anthu a ku Ulaya, ana athu kuno ali ndi malungo, njoka za m'mimba ndi utsi zomwe nazonso zimakoka chitetezo mbali yake, ndiye tizitenga ngati chithunzi cha mmene zimayendera osati muyezo wa mwana aliyense.

Mayi a Chisomo chochita chilipo. Gulani kope laling'ono muzilemba tsiku lililonse lomwe pakhosi patupa, ngati thupi linatentha, ngati panali chifuwa ndi mamina kapena mafinya, ndi mankhwala omwe anapatsidwa. Madokotala a khutu mphuno ndi pakhosi akamaganiza zodula chifukwa cha kudwaladwala amawerenga, ka 7 pa chaka chimodzi, kapena ka 5 pa chaka kwa zaka ziwiri zotsatizana, kapena ka 3 pa chaka kwa zaka zitatu, ndipo amawerenga maulendo enieni otentha thupi osati kukanda pakhosi kwa m'mawa. Ana ambiri safika pamenepo, amangokula n'kusiya okha. Chifukwa china chodulira ndi chomwe anena Bambo a Mphatso, mpweya kuima ali m'tulo, ndipo mwana wanu ndi mkonono umenewo ine ndi pomwe ndikuda nkhawa kwambiri kuposa kutentha thupi. Usiku wina mujambuleni kavidiyo pa foni ali mtulo tofa nato, chifuwa chili poonekera, mukawaonetse ku chipatala, chifukwa masana akabwera kwa ife amakhala akupuma bwinobwino ndiye sitiona kanthu.

Musanafike ku mpeni yambani ndi mphuno. Bulangete lichapidwe ndi kuyanikidwa pa dzuwa lamphamvu, matilesi kapena mphasa zitulutsidwe panja, posesa muziwaza madzi ndipo iye asakhale m'nyumba, madzulo aziwotha panja kapena chitseko chikhale chotsegula, ndipo nyengo yotentha tchire ikubwerayi muzitseka mawindo a kumene akugona utsi ukamabwera. Madzi owiritsa atazizira a mchere pang'ono odonthezera m'mphuno amathandiza. Ku chipatala funsani za loratadina kapena setirizina, klorofeniramina imagwiranso koma imagonetsa ndiye ku sukulu amavutika. Palinso mankhwala opopera m'mphuno monga beclometasona kapena mometasona, akagwiritsidwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo amaphwetsa mphuno ndipo mwa ana ena adenoyidi imachepa mpaka opaleshoni osafunikanso, koma akulembereni ndi a chipatala osati kungogula. Aspirini kwa mwana wotentha thupi ayi, parasetamo yemweyo molingana ndi sikelo yake. Uchi wa Amayi Nabanda ndi wabwino pa msinkhu wakewu, koma amene muli ndi khanda losakwana chaka musalipatse.

Izi ndiye zosadikira kuti kuche: akulephera kutsegula pakamwa, malovu akungotuluka chifukwa sakumeza, mawu asintha akulankhula ngati ali ndi chakudya chotentha m'kamwa, mbali imodzi yatupa kwambiri kuposa inzake, akubanika, kapena pakhosi payala chinthu chotuwa chomatirira. Komanso masabata angapo atachira akayamba kudandaula mawondo kapena akakolo otupa opweteka, kupuma movutikira akamasewera, kapena mkodzo wasanduka wakuda ngati tiyi nkhope itatupa, pitani tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti anadwala pakhosi. Tonsilo imodzi yokha ikamakula osaphwa, kapena anabere a m'khosi akhala mwezi osachoka mwana akuonda, akamuyeze TB ndi HIV ndi zina. Ndipo ulendo uliwonse thupi likatentha ayezedwe malungo ngakhale matonsilo akuoneka ofiira, kuno ziwirizi zimabwera pamodzi kawirikawiri ndipo ndaonapo ana akumwa mankhwala a pakhosi pomwe chikuwatentha ndi malungo.

Ngati zitafika poti adulidwe, konzekani kukhala pafupi ndi chipatala masabata awiri, musabwerere kumudzi msanga, chifukwa nkhanambo ya pabala imasupuka pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 ndipo ndi nthawi yomwe ena amataya magazi, mwana akamangomeza malovu pafupipafupi kapena kulavula magazi ofiira muthamange naye ngakhale ndi usiku.